Mipando ya Alendo

A Hilary ankadziwika ku Nkaya konse kuti ndi munthu wopanda tsankho, ndipo amene ankafalitsa kwambiri mbiri imeneyi anali iwo eni. Anali mlimi wa thonje ndi nandolo, wapampando wa mphakati wa Akatolika, munthu wa jekete limodzi labwino ndi mawu ambiri. Nkhani ya zipembedzo ikabuka pamaliro, ankadikira kuti ena atope kaye, kenako n'kuitseka okha. "Ine pakhomo panga mbuzi siifa ndi mpeni wa Mkhristu," ankatero. "Ndimaitana Che Mahmudu adzazinge, kuti Msilamu aliyense adye momasuka." Anthu ankagwedeza mitu, chifukwa zinali zoona.

Che Mahmudu anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina pamsika, moyang'anana ndi njanji. Kuyambira kalekale, kwa a Hilary kukakhala ubatizo, Khrisimasi kapena maliro, uthenga unkapita kumsikako, ndipo iwo ankabwera pa njinga ndi mpeni wawo wokulunga m'kansalu. Njira yochokera kumsewu ikafika pamtengo wa nimu inkagawikana. Ina inkapita kumaso kwa nyumba, ina inkazungulira kuseri kumene kunali khola. Che Mahmudu ankadzera yakuseri. Palibe anawauzapo kuti azidzera kumeneko, kungoti mbuzi ndi kumene inkakhala. Akazinga ankasamba m'manja, a Maness, akazi a a Hilary, ankawaikira khosi m'jumbo monga mwa chizolowezi, ndipo ankabwerera kumakina awo.

A Hilary anali ndi mlongo wawo, a Ethel, ndipo a Ethel anali ndi mwana wamkazi, Cathy, amene ankaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Liwonde, tsidya la Machinga. Tsiku lina Cathy anaimbira foni amalume akewo. Anati wapeza mwamuna, dzina lake Abdulrazak, mlangizi wa zaulimi, ndipo amalume ake a mnyamatayo abwera Loweruka kudzafunsira. Pa mawu akuti Abdulrazak anatsitsa mawu, n'kudikira.

"Ndiye ukunjenjemera chiyani?" anatero a Hilary. "Ukundidziwa ine. Munthu ndi munthu."

"Zikomo amalume. Amalume akewo amakhala konko ku Nkaya. Akuti mumadziwana bwino."

A Hilary sanafunse dzina. Analipeza okha. Msilamu wa ku Nkaya wodziwana nawo, woti angakhale ndi mphwake wophunzira mpaka kukhala mlangizi, anali mmodzi yekha m'mutu mwawo, ndiye Che Jimu, mwini chigayo ndi lole yonyamula thonje. Anauza a Maness kuti kukubwera Che Jimu, a Maness anauza a Ethel, ndipo pofika Lachinayi nkhaniyo inali itakhwima ngati kuti Cathy anaitchula ndi pakamwa pake.

Ena tsiku lofunsira amangopha nkhuku. A Hilary anasankha mbuzi, yofula, yonona kuposa zonse m'kholamo. Anauza akazi awo kuti wina akauze Che Mahmudu adzazinge m'mawa. A Maness anayesa kuti abambowo adzerako okha pochokera kumphakati, abambowo anayesa kuti amayi atuma munthu, ndipo uthengawo unathera pakati pa anthu awiriwo.

Loweruka m'mawa pakhonde panakolopedwa. Mipando inayi ya m'chipinda chochezera inatulutsidwa, n'kuyalidwa nsalu zoluka. A Hilary anavala jekete lija ngakhale kunja kunali kutentha kwa ku Balaka kosafuna jekete, n'kuima pakhonde kumvetsera kulira kwa galimoto.

Inabwera njinga. Che Mahmudu anatsika pamtengo wa nimu, n'kuikankha kudzera njira ya kumaso. Anavala mkanjo woyera watsopano, wosoka okha, wa tizingwe tagolide pakhosi, kachisoti kumutu, ndi nsapato zopolisha. Pakaliyala panalibe kansalu ka mpeni. Che Mahmudu ndiwo anali amalume ake a Abdulrazak. Mlongo wawo atamwalira ku Ntaja, anamutenga mnyamatayo ali wamng'ono, n'kumulera ndi makina osokera omwewo mpaka kumaliza sukulu. Zimenezi a Hilary sankazidziwa, chifukwa sanafunsepo ngati munthuyu anali ndi mlongo.

"Odi kuno," anatero Che Mahmudu ataima m'munsi mwa khonde.

"Ee, Che Mahmudu, mwachita bwino kulawirira," anatero a Hilary mosangalala. "Ndimada nkhawa kuti uthenga sunakupezeni. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino, kaya inu a Hilary. Ine ndabwera ndi kankhani."

"Nkhani tikamba mukamaliza. Tiyeni kuseri, alendo asanatipeze. Lero kukubwera anthu akuluakulu."

Che Mahmudu anayang'ana mipando ija. Dzanja lawo linali litagwira kale msana wa mpando wakumapeto. A Hilary anaona dzanjalo, anamwetulira, n'kuukankhira mpandowo pang'ono kukhoma.

"Iyi ndi ya alendo, achimwene. Kuseri kuli kabenchi."

Sananene mwachipongwe. Ananena ndi mtima woyera, ngati mmene munthu amauzira mnzake kuti samalani pali dzenje. Che Mahmudu anachotsa dzanja lawo pampandopo, n'kutsatira.

Kuseri a Maness anadabwa kuti Che Mahmudu alibe mpeni, n'kuwabwereka wa kukhitchini. A Ethel anayamikira mkanjowo, n'kufunsa ngati akupita ku ukwati akachoka pano. "Zikuoneka kuti iyayi," anayankha Che Mahmudu, ndipo amayiwo anaseka osadziwa chimene akuseka. Che Mahmudu anapinda manja a mkanjo, ananola mpeniwo pamwala, anatembenuza mbuzi kuyang'anitsa kumene Asilamu amayang'ana poswali, anatchula dzina la Mulungu, n'kuzinga. Mpeniwo sunali wakuthwa ngati wawo. Mbuzi inaphiriphitha, magazi n'kuwazikira pamkanjo kuyambira pabondo kutsika. A Maness anapepesa, anawaikira khosi m'jumbo, n'kuwonjezerapo kachiwindi chifukwa cha chovalacho.

"Kankhani kaja?" anafunsa a Hilary ali kale chammbali, khutu lili kumsewu.

"Kadikire," anatero Che Mahmudu. Anakoleka jumbo pahandulo, n'kutuluka kudzera njira yakuseri.

Nyama inapsa, mpunga unapsa. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Sitima ya katundu inadutsa. A Hilary anavula jekete, analivalanso atamva galimoto, n'kulivulanso ataona kuti ndi ya ogula nandolo. Chakumadzulo anayamba kunena kuti anthu achuma ndi choncho, sasunga nthawi. Atalephera kupirira anaimbira Che Jimu, amene anadabwa kwambiri, chifukwa analibe mphwake wa dzina limenelo, ndipo tsiku lonse anali ku Balaka kukonzetsa lole.

Cathy anafika mawa lake, anthu akuchokera ku Misa. Sanalowe m'nyumba. Anakhala pansi pakhonde pafupi ndi amayi ake, maso ali otupa, n'kufotokoza mosakweza mawu. Che Mahmudu atafika kwawo anaimbira Abdulrazak, n'kumuuza kuti kumene anawatumako apitako, ndipo abwerako ndi khosi la mbuzi. Anati sadzapitanso. Abdulrazak anauza Cathy kuti amamukonda, koma sangakwatire popanda munthu amene anamulera, ndipo sangamukakamize kubwerera kumene anakamuchotsa pampando.

"Amalume, munawachotsa pampando?" anafunsa Cathy.

"Sindinawachotse. Anali asanakhale."

A Hilary anakwiya, ndipo mkwiyo wawo unali wa munthu woona kuti akumunamizira. Ananena kuti kulakwa n'kwa Cathy amene sanatchule dzina, n'kwa a Maness amene sanatumize uthenga, n'kwa Che Mahmudu amene ali ndi pakamwa koma sanalankhule. Ananena kuti pa Nkaya ponse palibe Mkhristu amene walemekeza Asilamu kuposa iwo, ndipo mbuzi zonse zimene zafa pakhomopo ndi mboni. Cathy anangoti, "Ine ndikutaya banja, amalume," n'kupita kunyumba kwa amayi ake.

A Maness ndiwo anatsala, akusankha nyemba m'lichero. Iwo sankakonda kutsutsana ndi amuna awo, ankangofunsa mafunso ngati munthu woiwala.

"Bambo a Godfrey, kodi Che Mahmudu analowapo m'nyumba muno?"

"Analowapo kumene."

"Liti?"

A Hilary anafufuza. Anakumbukira ubatizo wa Godfrey, mwana wawo woyamba, amene tsopano ali ndi ana akeake. Anakumbukira maliro a amayi awo, ukwati wa a Ethel, Makhrisimasi osawerengeka. Paliponse ankamuona munthuyo ali chogwada kuseri, kapena akusamba m'manja pabeseni, kapena akukoleka jumbo pahandulo. Sanamupeze pena paliponse.

"Amakhala wotanganidwa," anatero pomaliza. "Amathamangira makina."

"Mwina," anatero a Maness. "Inenso mkanjo uja ndinauona. Ndinangoganiza kuti audetsa."

Patapita masiku angapo a Hilary anavala jekete lawo kupita kukapepesa, osati chifukwa anavomera kuti analakwa, koma chifukwa a Ethel anali atasiya kuwapatsa moni. Pamsika anapeza makina atavindikiridwa ndi nsalu. Linali Lachisanu masana, ndipo mwini sitolo anati Che Mahmudu akachoka kumzikiti amapita kunyumba. A Hilary anatembenuka kuti azipita, n'kuzindikira kuti sakudziwa kolowera. Mwini sitoloyo, amene anali atamvapo kangapo za mpeni wa Mkhristu, anawayang'ana modabwa.

"Mnzanu uja simudziwa kwawo?"

"Ndangoiwala pokhotera," ananama a Hilary.

Kunali kungodutsa njanji, kuseri kwa mzikiti, pafupi kwambiri kuposa kumunda kwawo kwa thonje. Anapeza nyumba ya njerwa zowotcha, yamalata, ya bwalo losesedwa bwino. Pachingwe panali mkanjo uja. Unali utachapidwa kangapo, koma banga linali likuonekabe, lofiirira, kuyambira pabondo kutsika.

Che Mahmudu anatuluka, anapereka moni, n'kulowanso kukatengera a Hilary mpando wa khushoni. Iwo eni anakhala pa wathabwa. A Hilary anayamba ndi za mvula, anadzera ku mitengo ya thonje, kenako anafika.

"Che Mahmudu, za Loweruka zija, pepani. Ine sindinadziwe."

"N'zoona, simunadziwe."

"Mukanangonena."

"Ndinanena kuti ndili ndi kankhani. Ndikanatha kunenanso kachiwiri, zoona. Koma mutakankha mpando uja ndinafuna ndione kuti tifika nazo pati." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Tinafika kukhola."

"Koma inu mukundidziwa. Ine ndilibe nanu chifukwa. Zaka zonsezi ndimakuitanani ndani?"

"Mumandiitana, ndipo ndimabwera ndi mtima umodzi. Mumati ndizinge kuti Asilamu adye nawo. Ndikufunseni, a Hilary, ndi Msilamu uti amene anadyapo?"

Panalibe ngakhale mmodzi.

"Ine sindinadandaulepo," anapitiriza Che Mahmudu. "Nanenso ndinazolowera njira yakuseri, mwina n'kulakwa kwanga. Za mkanjo si nkhani, ndisoka wina. Chimene chikundiwawa ndi mwana uja. Kuno kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi. Abdulrazak akakwatira Cathy, ndiye kuti ndamupereka pakhomo panu. Simudzamutukwana, ndikudziwa. Mudzamukonda, mudzamutchula pamaliro kuti ife tili ndi mkamwini wachisilamu. Koma pakadzabwera alendo, adzakhala pati? Ine ndinamulera kuti azikhala pampando."

Apo akazi a Che Mahmudu anatuluka ndi beseni la madzi. Anagwada, anapereka moni, n'kubweretsa mbale ya mpunga ndi nyemba zothira anyezi. A Hilary anali asanadye chilichonse kuyambira m'mawa, ndipo m'mimba munali mukulira. Komabe anamva mawu akukwera okha kukhosi, okonzeka kale, akuti zikomo, ndadya kale. Anawagwira ali pamilomo. Anadabwa kuti achokera kuti. Kwa anthu a mumphakati sankakana chakudya, ankadziwika ndi kupempha ndiwo zowonjezera. Kenako anakumbukira kuti mawu omwewa anawanenapo pa sadaka ya bambo ake a Che Jimu, anawanenanso pa Idi ina pamene anaitanidwa ndi mnzawo wogula naye feteleza, ndipo nthawi zonsezo sanali atadya. Palibe anawaphunzitsa mawuwo mwachindunji. Ali mwana ankangoona akuluakulu akutero, ndipo anakula nawo osawafunsa. Anachita manyazi kwambiri.

Che Mahmudu ankawayang'ana, osawakakamiza.

A Hilary anavula jekete, analikoleka pampando, n'kusamba m'manja. Anadya mpaka mbale inayera. Nyembazo zinali zabwino, ndipo zimenezi zinawawonjezera manyazi.

"Sindikudziwa kuti ndilonjeze chiyani," anatero atamaliza. "Ndikanakhala kuti ndimakudani, bwenzi ndikunena kuti ndasiya. Koma izi sindinkaziona n'komwe, ndiye mwina zilipo zina zimene sindikuzionabe. Chimene ndikupempha n'chakuti mubwerenso Loweruka. Cathy asalipire za ine."

"Ndamva," anatero Che Mahmudu. Anawaperekeza mpaka panjanji.

Loweruka limenelo kunalibe mbuzi. A Maness anagula nyama kubutchala ya Msilamu pamsika, kuti pasapezeke chifukwa choti munthu apite kuseri. Mipando sinatulutsidwe pakhonde. Cathy anabwera kuchokera ku Liwonde, n'kukhala kwa amayi ake, osafuna kuyembekezera kanthu. A Hilary sanauze anthu a mumphakati za nkhaniyi, zimene kwa iwo zinali zachilendo. Anapita kukaima pamtengo wa nimu, pamene njira imagawikana, n'kumayang'ana kumsewu.

Anaima nthawi yaitali. Anthu opita kumsika ankawafunsa ngati ataya chinthu. Dzuwa litakwera ndithu, njinga inaoneka. Che Mahmudu anavala mkanjo wina, wotuwa, wakale. Atafika pamtengopo anatsika, ndipo tayala lakutsogolo linakhotera lokha kunjira yakuseri, mmene linazolowerera. A Hilary anagwira handulo.

"Ndikukankhireni ine," anatero.

Anaikankha okha mpaka pakhonde, anaiyedzamiritsa pachipilala, n'kutsegula chitseko. Che Mahmudu anavula nsapato pakhomo ngakhale anauzidwa kuti asavutike. Analowa pang'onopang'ono, akuyang'ana uku ndi uku, pa chithunzi cha Banja Loyera, pa kalendala ya parishi, pa zithunzi za Godfrey ndi ana ake. A Hilary anawalozera mpando waukulu, umene ankakhalapo bambo mfumu akabwera kudzayendera mphakati. Koma Che Mahmudu anali ataima pawindo, atagwira m'mphepete mwa katani ya maluwa obiriwira, yofwifwa ndi dzuwa. Anaitembenuza kuona msoko.

"Awa ndinasoka ndine," anatero.

"Ndinu kumene," anatero a Maness ali pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya tiyi. "Chaka chimene tinafolera malata. Godfrey anali asanayambe sukulu."

Che Mahmudu anabwerera m'mbuyo pang'ono, anapendeketsa mutu ngati mmene amachitira poyeza kasitomala. Katani yakumanzere inali yaifupi kuposa inzake, ndipo pansi pake pankalowa dzuwa.

"Iyi inafupika. Bwanji simunandiuze?"

"Tinangozolowera," anatero a Maness.

"Ndikanaiona, ndikanaitsitsa kalekale."

A Hilary anayang'ana pansi. Che Mahmudu anaisiya kataniyo, anakonza mkanjo wawo, n'kukhala pampando waukulu uja. Analandira kapu ya tiyi, ndipo a Maness anachita kufunsa kuti amathira shuga wochuluka bwanji. Atamwako pang'ono anaika kapuyo patebulo, anayang'ana a Hilary, n'kuyamba ndi mawu aulemu a munthu wobwera koyamba.

"Ine ndine Mahmudu, ndimakhala kuseri kwa mzikiti. Ndatumidwa ndi mphwanga. Akuti pakhomo pano anaonapo mbeta."